Bwalo limodzi, thumba limodzi: azing'ono ake a Lu Xun anathera kuti?

Kuno ku Chipata nyumba zapachibale timazidziwa. Mkulu wagula puloti ku Kapata kapena ku Mchini, wamanga zipinda kutsogolo ndi kumbuyo, wakatenga amayi kumudzi, waitana azing'ono ake ndi akazi awo, ndipo malipiro a onse akulowa m'thumba limodzi. Mwezi woyamba aliyense amayamikira. Banja lina la ku China linachita zomwezi mu 1919, ndipo popeza amuna atatu a m'banjamo anali anthu olemba, tili ndi masiku, mitengo ndi makalata osonyeza pamene zinthu zinathyokera.

Mkulu wawo ndi Lu Xun, mlembi amene mwana aliyense wasukulu ku China amamuwerenga. Anabadwa mu 1881 ku Shaoxing, m'chigawo cha Zhejiang, namwalira ku Shanghai mu Okutobala 1936. Za iye zalembedwa zambiri. Ine ndikufuna tione awiri omutsatira, Zhou Zuoren ndi Zhou Jianren, chifukwa moyo wawo ndiwo umasonyeza bwino zimene nyumba ija inawachita.

Tiyambe ndi mayina, pakuti apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Achitchaina amatsogoza dzina la banja, ndiye Zhou ndi mfunda wa onse atatu. Lu Xun si dzina lobadwa nalo, ndi dzina lolembera mabuku. Dzina lake linali Zhou Shuren, ndipo Lu uja anamutenga ku mfunda wa mayi ake, Lu Rui, zomwe kwa ife a mbumba ya kuchikazi sizodabwitsa ayi. Mayina atatuwa onse amathera ndi ren, kutanthauza munthu: Shuren, Zuoren, Jianren. Potchula, Zh amamveka pafupi ndi j wathu, choncho Zhou ndi ngati "Jou". Z yekha amamveka pafupi ndi dz wa m'mawu oti dzina, ndiye Zuoren ndi ngati "Dzuo-ren". X ali pafupi ndi sh. Mukafufuza pa intaneti, lembani dzina lonse, chifukwa Zhou yekha akubweretserani Zhou Enlai, amene anali nduna yaikulu.

Banjali linali lolemera ndi lophunzira mpaka 1893. Agogo awo aamuna, Zhou Fuqing, anali atapambana mayeso apamwamba a boma la mfumu ndipo anali ndi udindo ku Beijing. Chaka chimenecho anayesa kupereka chiphuphu kwa woyang'anira mayeso kuti mwana wawo, bambo a anyamatawa, apambane pamodzi ndi ana a mabanja ena. Anatuma wantchito ndi kalata, m'kati muli chikalata cholonjeza ndalama zambiri zasiliva. Wantchitoyo atapereka kalatayo anadikira, ndipo ataona kuti sakuyankhidwa anayamba kufuula kuti amupatse lisiti, anthu ena akumva. Nkhani inaphulikira pomwepo. Agogowo anaweruzidwa kuti aphedwe, chilangocho chikuimitsidwa chaka ndi chaka, ndipo anakhala m'ndende ku Hangzhou mpaka 1901. Banja linagulitsa minda kuti liwapulumutse. Bambo awo anadwala namwalira mu 1896, atadya chuma chotsala pa mankhwala. Mkulu anali ndi zaka 15, Zuoren 11, Jianren asanakwanitse 8.

Umphawi umenewu ndiwo unasankha sukulu. Awiri akuluwo anapita ku Nanjing ku sukulu ya asilikali apamadzi, osati chifukwa chokonda nyanja, koma chifukwa kumeneko kunalibe fizi ndipo ophunzira ankapatsidwa kandalama kam'thumba. Lu Xun analowa mu 1898, kenako nkusamukira ku sukulu ya zamigodi. Zuoren, wobadwa mu Januwale 1885, analowa mu 1901. Mkulu anapita ku Japan mu 1902, Zuoren namutsatira mu 1906.

Jianren, wobadwa mu 1888, ndiye anatsala. Nayenso ankafuna kupita, koma mayi awo, amasiye, sakanatsala okha, ndipo akulu ake anamulonjeza kuti akadzabwera sadzagawana chuma, chimene adzapeze chidzakhala cha onse. Mudzi uliwonse kuno, kaya ku Chadiza kaya ku Katete, uli naye mwana wotereyu: anzake apita ku Lusaka kapena ku migodi, iye watsala ndi khasu ndi amayi. Lu Xun anamulangiza kuti adziphunzitse yekha za zomera, chifukwa phunziroli silifuna labotale yodula. Zomera zili paliponse, chofunika ndi buku, mpeni ndi mapepala oumitsira masamba. Jianren anatero, uku akuphunzitsa ku pulayimale ku Shaoxing.

Ku Tokyo awiri aja ankagwira ntchito ngati munthu mmodzi. Zuoren ndiye anali ndi khutu la zinenero: Chingelezi, Chijapani, ndi Chigiriki chakale chimene anaphunzira pa sukulu ya ukachenjede ya Rikkyo ku Tokyo komweko. Mu 1909 anatulutsa mabuku awiri a nthano zazifupi zomasuliridwa kuchokera kumayiko akunja, makamaka ku Russia ndi mayiko a kum'mawa kwa Ulaya. Nthano zinali 16, ndipo 13 mwa izo anamasulira Zuoren. Ndalama zosindikizira anakongola kwa mnzawo wamalonda a nsalu. Ku Tokyo buku loyamba linagulidwa makope 21, lachiwiri 20, ndipo ku Shanghai zinali chimodzimodzi. Otsala anadzapsa pamene nyumba yosungira katundu inagwira moto. Aliyense wofuna kusindikiza buku la Chinyanja aphunzirepo apa, pakuti zolakwika zinali ziwiri zooneka. Analemba m'Chitchaina chakale chovuta, choti ndi ochepa okha angachimve, ndipo owerenga a nthawiyo anazolowera nkhani zazitali za mitu yambirimbiri, moti ankadandaula kuti nthanozi zikungoyamba nkutha. Ntchito inali yabwino, koma msika sanauyese.

Chaka chomwecho Zuoren anakwatira Habuto Nobuko, mtsikana wa Chijapani amene ankagwira ntchito panyumba imene iwo ankachita lendi. Lu Xun anabwerera ku China kukagwira ntchito, mbali ina kuti azitumiza ndalama kwa mng'ono wake ndi mlamu wake. Zuoren anabwerera mu 1911. Mu 1912 Nobuko ali woyembekezera, atatsala pang'ono kuchira, mng'ono wake Yoshiko anabwera kudzamuthandiza, ndipo mu 1914 Yoshiko anakwatiwa ndi Jianren. Abale awiri anakwatira abale awiri. Ankhoswe athu amadziwa kuopsa kwake: banja limodzi likagwedezeka, linalo limagwedezekanso.

Mu 1917 Zuoren anayamba ntchito pa Peking University, ndipo zaka zotsatira zinali zake. Mu Disembala 1918 analemba nkhani yotchuka yonena kuti zolemba zatsopano zizikamba za munthu wamba monga munthu, akazi ndi ana omwe. Anali m'gulu la aphunzitsi amene anayambitsa ntchito yotolera nyimbo za anthu akumudzi, ntchito yofanana ndi imene ikufunika pa nyimbo zathu za pamtondo. Nkhani zake zazifupi zinali za tiyi, mvula, ndiwo zakutchire za kwawo, mabwato a ku Shaoxing, zolembedwa mofatsa ngati munthu akucheza pakhonde. Panthawiyo anthu ankangoti "abale a Zhou", ndipo ambiri sankaona wina kukhala wamkulu kuposa mnzake.

Tsopano nyumba ija. Mu 1919 nyumba yamakolo ku Shaoxing inagulitsidwa, ndipo Lu Xun anagula bwalo lalikulu pa nambala 11 Badaowan ku Beijing pamtengo wa 3,500 yuan (yuan ndi ndalama ya ku China). Analisankha chifukwa linali ndi malo oti ana a azing'ono ake azisewerapo, iye alibe mwana. Linali ndi mabwalo atatu otsatizana. Mayi awo ndi Zhu An, mkazi amene makolo anamupezera Lu Xun mu 1906, ankakhala pakati. Mabanja a Zuoren ndi Jianren anali kumbuyo, kumene zipinda zina zinakonzedwa mwa Chijapani. Lu Xun anadzakhazikika kutsogolo. M'nyumba imeneyi ndi mmene analembera nthano yake ya Ah Q, ndipo Mao Zedong, amene anadzakhala mtsogoleri wa China, ali mnyamata anafikapo mu 1920 kudzaona Zuoren.

Kayendetsedwe ka ndalama kanali kotere. Lu Xun ankalandira 300 yuan pamwezi ku unduna wa zamaphunziro, Zuoren ankalandira zochepera pang'ono ku yunivesite, ndipo pamwamba pake panali ndalama zophunzitsa m'masukulu ena ndi za zolemba. Zonse pamodzi zinkafika pafupifupi 600 yuan, ndalama zambiri kwabasi panthawiyo. Wosunga thumba anali Nobuko. Mavuto anali atatu. Boma la Beijing linkachedwa kulipira, nthawi zina miyezi ingapo, ndiye ndalama yolembedwa papepala sinali ndalama ya m'manja. Chachiwiri, zowonongera zinali zazikulu: antchito angapo, katundu wa m'masitolo a Chijapani, madokotala a Chijapani. Izi tikuzimva kwambiri kwa anthu a mbali ya Lu Xun, makamaka Xu Guangping, mkazi amene anadzakhala naye pambuyo pake, choncho tizimve ngati umboni wa mbali imodzi. Chachitatu chinali matenda. Mu 1921 Zuoren anadwala chifuwa kwa miyezi yambiri nakapumulira kukachisi wa kumapiri a kumadzulo kwa mzindawo, ndipo buku la tsiku ndi tsiku la Lu Xun likusonyeza akukongola uku ndi uku. Wokongola anali wina, wowononga wina, ndipo panalibe tsiku loti onse akhale pansi awerengetse. Thumba lapachibale limabooka pamenepo, kaya ndi yuan kaya ndi kwacha.

Woyamba kuchoka anali Jianren. Analibe digiri ndipo ku Beijing analibe malipiro, ankangokhala nawo m'makalasi a pa yunivesite ngati womvera. Munthu wosaponya kanthu m'thumba sadya momasuka. Mu 1921 akulu ake anamupezera ntchito ya ukonzi ku Commercial Press, kampani yosindikiza mabuku ku Shanghai, pa 60 yuan pamwezi, ndipo gawo lalikulu ankalitumiza ku Badaowan. Anapempha Yoshiko kuti amutsatire ndi ana, koma Yoshiko anasankha kukhala pafupi ndi mkulu wake.

Pa 14 Julayi 1923 Lu Xun analemba m'buku lake kuti kuyambira usiku umenewo akudyera m'chipinda chake. Kwathu kuno munthu akasiya kudya mbale imodzi ndi abale ake, mudzi wonse umadziwa kuti kwagwa kanthu. Pa 19 Julayi Zuoren anabwera kutsogolo ndi kalata m'manja, naipereka, nabwerera. M'kalatamo sanamutchule mkulu wake kuti achimwene. Anamutchula ndi dzina lolembera lija ndi mawu aulemu a kwa mlendo, ngati kunena kuti "Bambo Lu Xun". Ananena kuti wangodziwa dzulo lake, kuti zakale sizifunika kuzikamba, ndipo anamupempha kuti asadzafikenso kubwalo lakumbuyo. Lu Xun anatuma uthenga kuti akambirane, Zuoren sanabwere. Pa 2 Ogasiti mkulu anasamuka ndi Zhu An, kusiya nyumba imene anaigula ndi kuikonza yekha. Mu Juni 1924 atabwerera kudzatenga mabuku ake, kunabuka mkangano woopsa pamaso pa alendo, ndipo awiriwa sanayanjanenso mpaka imfa.

Chimene Zuoren anati wachidziwa, onse awiri anapita nacho kumanda. Zuoren anachita kudula ndi sizasi mawu pafupifupi khumi m'buku lake la tsiku ndi tsiku, pa tsiku la 17 Julayi. Olemba mbiri ena amati ndi ndalama, ena amati Nobuko ananeneza mlamu wake za khalidwe losayenera. Ankhoswe panalibe, ndipo mayi awo, amene ankakhala bwalo lomwelo, ankauza anthu kuti nawonso anangodzidzimuka. Amati chibale ndi fupa, sichiola. Ili linathyoka, ndipo palibe analimanga.

Kuchokera apa Zuoren anakhala mwini bwalo, ndipo bwalolo linamugwira mwendo. Mu Julayi 1937 Japan inalanda Beijing. Peking University inathawira kumwera, ku Changsha kenako ku Kunming, ndipo aphunzitsi ambiri anapita nayo. Zuoren anatsala, akunena kuti ali ndi anthu ambiri owasamalira: mkazi, ana, Yoshiko ndi ana ake, mayi ake okalamba. Yunivesite inamuika m'gulu la aphunzitsi anayi osunga katundu wake. Mu 1938 alembi 18 anamulembera kalata yapoyera kumupempha kuti achoke, iye osasuntha. Pa 1 Januwale 1939 anyamata analowa m'chipinda chake cha alendo namuwombera. Chipolopolo chinamenya batani la chovala chake ndipo anangovulala pang'ono, koma mlendo wake anavulazidwa ndipo wokoka ngolo wina anafa. Pasanathe mwezi anavomera kukhala woyang'anira laibulale ya yunivesite imene inali pansi pa Ajapani. Pofika 1941 anali mkulu wa zamaphunziro m'boma la kumpoto kwa China lomwe Japan inaliika.

Onani mmene zinayendera: sanalumphe kamodzi. Anayamba ndi msonkhano umodzi, kenako laibulale, kenako udindo wa pa yunivesite, kenako mpando wa boma, ndipo pa sitepe iliyonse panali chifukwa chomveka, cha chakudya cha ana kapena cha chitetezo. Munthu yemweyu mu 1927 anabisa mwana wa Li Dazhao, mmodzi wa oyambitsa chipani cha chikomyunizimu, bambo wake atanyongedwa, namuthandiza kuthawira ku Japan. Sindikuona kuti chimenechi chikufafaniza chinacho, koma amene amamutcha wogulitsa dziko basi, osaonjezapo kanthu, akusiya theka la munthu.

Nkhondo itatha anamangidwa mu Disembala 1945. Khoti la ku Nanjing linamupatsa zaka 14 mu 1946, ndipo atachita apilo zinatsika kufika 10. Chinamuthandiza ndi umboni wa amene anali mkulu wa yunivesite, Jiang Menglin, wakuti analidi atapemphedwa kusunga katundu. Anatuluka mu Januwale 1949 boma la chipani cha Kuomintang likugwa pankhondo yake ndi achikomyunizimu, nabwerera ku Badaowan.

Boma latsopano la achikomyunizimu silinamukhululukire koma silinafune kutaya Chigiriki chake. Anapatsidwa ntchito yomasulira, kampani yosindikiza ya boma ikumupatsa 200 yuan pamwezi ngati ndalama yotsogoza, imene inadzakwera kufika 400. Pa tebulo limenelo panatuluka nthano za Aesop, masewero a Euripides, zokambirana za Lucian, zonsezi zolemba zakale za Chigiriki, ndi mabuku akale a Japan monga Kojiki. Dzina lake lenileni silinkaloledwa pachikuto, ndiye ankagwiritsa mayina monga Zhou Qiming ndi Zhou Xiashou. Chowawa nchakuti chimene chinkagulika kwambiri chinali zokumbukira zake za mkulu wake: nyumba yakale ya ku Shaoxing, anthu enieni amene anasanduka anthu a m'nthano za Lu Xun. Mkulu wake, amene Zuoren anamuthamangitsa pabwalo, ndiye ankamudyetsa. Zolembazo ndi zothandiza kwambiri kwa ofufuza mpaka lero, ndipo za mkangano wa 1923 mulibe kanthu.

Nobuko anamwalira mu 1962. Mu 1966, Cultural Revolution, kampeni ya Mao yothana ndi zakale ndi onse ooneka ngati adani a chipani, itayamba, ndalama ija inaimitsidwa. Mu Ogasiti achinyamata a Red Guards, gulu lotsogolera kampeniyo, analowa pabwalo, namukwapula Zuoren ndi malamba ali ndi zaka 81, namutulutsa m'zipinda zake. Anathera m'kachipinda ka kukhitchini, akudya phala la chimanga, ndipo anamwalira pa 6 Meyi 1967.

Nanga wotsala ndi amayi uja? Ku Shanghai Jianren anagwira ku Commercial Press zaka zoposa 20, akukonza mabuku asukulu a sayansi ya zamoyo ndi magazini ya zachilengedwe, komanso kulemba za ufulu wa akazi ndi za ukwati. Anayamba banja lina ndi Wang Yunru, amene kale anali wophunzira wake. Lu Xun atasamukira ku Shanghai mu 1927 awiriwa ankaonana pafupipafupi, ndipo Jianren analipo pa matenda omaliza ndi pamaliro. Zuoren sanapite.

Banja loyamba la Jianren ndi bala la mbiri yake. Mu 1937 anapita ku Beijing pa chikondwerero cha zaka 80 za mayi ake atatenga mkazi wachiwiri, ndipo kunali mkangano waukulu ndi Yoshiko ndi ana. Pambuyo pake ubale ndi ana aamuna unaduka. Mmodzi wa iwo anadzipha ku Badaowan mu 1941, asanafike zaka 20. Nkhani ya ukwatiwo inadzathera kukhoti mu 1951.

Pa ntchito ndi ndale, njira yake inali yokwera. Anamasulira buku la Darwin lonena za chiyambi cha mitundu ya zamoyo, poyamba yekha, kenako m'ma 1950 pamodzi ndi anzake awiri. Mu Disembala 1945, mwezi umene Zuoren ankamangidwa, iye anali mmodzi wa oyambitsa bungwe lolimbikitsa demokalase la China Association for Promoting Democracy ku Shanghai, ndipo mu 1948 analowa chipani cha chikomyunizimu. Pambuyo pa 1949 anakhala wachiwiri kwa mkulu wa ofesi yoona zosindikiza, wachiwiri kwa nduna ya maphunziro apamwamba, ndipo mu 1958 bwanamkubwa wa Zhejiang, chigawo chakwawo. Kenako anakhala mmodzi wa achiwiri kwa wapampando wa komiti yaikulu ya nyumba ya malamulo. Sitingabise kuti kukhala mng'ono wa Lu Xun, amene Mao anamutamanda kwambiri, kunamutsegulira zitseko. Pa luso la kulemba sankafika pa akulu ake, koma anali wakhama, ndipo anayamba kuyenda ndi achikomyunizimu nthawi imene kutero kunali koika moyo pachiswe. Mwa kufotokoza kwake, pambuyo pa 1949 anakumana ndi Zuoren kamodzi kokha, mwangozi, pa ofesi ina ya boma, nalankhulana mawu ochepa. Ankakhala mzinda umodzi. Anamwalira mu Julayi 1984 ali ndi zaka 95. Bwalo la Badaowan lero lili m'kati mwa mpanda wa sukulu ya sekondale.

Ana a Lu Rui sanali atatu okha. Panali mtsikana, Duangu, amene anafa ndi nthomba ali khanda mu 1888, ndi mnyamata womaliza, Chunshou, wobadwa mu 1893, amene anamwalira mu 1898. Chithunzi chake panalibe, ndiye mayi ake anaitanitsa wojambula pamanja. Wojambulayo anali asanamuonepo mwanayo, ndipo anangojambula kamnyamata ka nkhope yozungulira kataima pansi pa mtengo, duwa lili m'manja. Mayiwo anachilandira. Anachitenga posamukira ku Badaowan mu 1919, anachitenganso potsatira mwana wawo wamkulu atachoka pabwalopo, ndipo chinali pakhoma la chipinda chawo mpaka anamwalira mu 1943.